Chaka Chomwe Ndinkatcheza Mafuta a Bulugamu

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha kachasu, chonsecho ine sindinalawepo ndi dontho lomwe. Azakhali anga ankatcheza kachasu kuseri kwa nyumba yawo ku Chulu, ndipo kuyambira ndili wamng'ono ndinkawathandiza kumata mtsuko ndi madeya, kusonkhezera moto ndi kusintha madzi oziziritsa paipi. Bambo anga ndi mkulu wa mpingo, moti akandipeza kumeneko ankandibweza kunyumba kamtengo kali m'manja.

Nditamaliza Fomu 4 ndinakhala pakhomo zaka ziwiri, ndikusoka fodya, kumupachika m'chigafa, kusankha ndi kudinda mabelo. Chaka chimene kunabwera matenda a kolona, mabelo athu anabwezedwa kawiri ku okushoni, ndipo pakhomo zinthu zinathina. Tsiku lina azakhali anabwera kudzandiuza kuti ku esiteti yakale ya kutsidya kwa dambo akufuna munthu wodziwa kutcheza.

"Si mowa ayi, achimwene," anatero ataona nkhope ya bambo. "Akuti akutcheza masamba a bulugamu."

Esitetiyo kale inkalima fodya wowamba ndi moto m'mabalani, n'chifukwa chake inali ndi nkhalango yaikulu ya bulugamu wa nkhuni. Eni ake atamwalira ulimi unatha, mitengo n'kutsala. Mwana wawo, amene tonse tinkangowatchula kuti abwana, anabwera kuchokera ku Joni ndi nzeru yoti masamba aja ali ndi mafuta onunkhira amene mahotela ndi malo otikita anthu minofu ku Lilongwe amagula. Ankati anthu opeza bwino amawadontheza m'madzi otentha kuti fungo lake liwakhazike mtima pansi.

Amene anandifunsa mafunso anali a Gondwe, kapitawo wa pamalopo, bambo wachikulire wa chakumpoto kwa boma lino la Kasungu, amene Chichewa chawo chinkapendekera ku Chitumbuka. Satifiketi yanga sanaiyang'ane n'komwe. Anandiimika pafupi ndi mgolo wotchezera.

"Nthunzi ikamathawira m'mbali mwa chivindikiro, utani?"

"Ndimata."

"Paipi ikatentha mpaka kumunsi?"

"Ndisintha madzi msanga, apo ayi zonse zituluka ngati utsi."

Anaseka. "Yayi, iwe wakulira pa kachasu. Ubwere mawa, uvale nsapato zotseka."

Ntchito inkayamba mame akauma. Amuna ankasadza nthambi ndi zikwanje, ife amayi n'kumapulula masamba. Tinkawayala tsiku limodzi m'chigafa chakale kuti afote pang'ono. Mgolo wathu unali wa chitsulo chosachita dzimbiri, wautali kundiposa, wokhazikidwa pa ng'anjo ya njerwa. Pansi tinkathira madzi, pamwamba pa madziwo pali sefa yachitsulo, ndipo masamba ankakhala pa sefapo osakhudza madzi. Ndinkalowa mumgolomo n'kumapondaponda, makamaka m'mbali, pakuti nthunzi ikapeza mpata imangodutsa osanyamula mafuta. Tikatero tinkavindikira n'kumanga chivindikirocho ndi mabawuti asanu ndi atatu, pakati titaika mphira wa chubu cha thirakitala.

Kuchokera pa chivindikiro, paipi ya kopa inkapinda n'kulowa m'thanki ya madzi ozizira, momwe inkazungulirazungulira mpaka pansi. Nthunzi ikazizira m'paipimo inkasanduka madzi n'kumadontha m'botolo lalikulu lagalasi. Mafuta ankayandama pamwamba, kamzere kachikasu pang'ono. Tinkawalekanitsa ndi fanelo yagalasi yokhala ndi kampopi kunsi: utsegule, madzi atuluke, mafuta akangofika pakhosi utseke. Ukachedwa pang'ono, thukuta la tsiku lonse lapita. Mgolo wodzaza ndi moto wa maola anayi zinkatipatsa mafuta osadzaza makapu awiri a tiyi. Tikamaliza tinkafukula masamba otentha aja ndi foloko, nkhope titatembenuzira kumbali, n'kukawayanika kuti adzakhale oyatsira moto.

Moto ndiwo unali udindo wanga. Ukakula, madzi amawira mopitirira n'kulavulira masamba, mafuta n'kununkha chopserera. Ukachepa, paipi imangoti zii. A Gondwe anandiphunzitsa kumvera ndi khutu. "Ikamadontha ngati denga mvula itakata, uli bwino. Ikamachucha ngati mpopi, chotsa chikuni." Sabata yoyamba ndinaiwala kusintha madzi a m'thanki, ndipo malo onse ananunkhira bwino kwambiri, ine n'kumasangalala. A Gondwe anabwera akuthamanga. "Fungo lokomali ukulimva? Amenewo ndi mafuta athu akuthawa." Tsikulo m'botolo munangotsala madzi okhaokha.

Mafutawo ndi aukali. Akakugwera m'diso umakhala ngati wathiridwa tsabola, ndipo khungu la m'manja mwanga linasupuka kawiri. Fungo lake silinkachoka ngakhale usambe chotani. Kutchalitchi anthu ankadziwa kuti ndalowa asanatembenuke n'komwe.

Miyezi yoyamba malonda sankayenda, poti mahotela aja analibe alendo. Kenaka mvula itayamba, matenda anabweranso mwamphamvu. Pa wayilesi tsiku ndi tsiku pankamveka za maliro, ndipo m'midzi monse anthu anayamba kudzifukiza: kuwiritsa masamba a bulugamu, mandimu ndi jinja, kudzifundika bulangeti pamwamba pa beseni n'kumapuma nthunziyo mpaka thukuta kamukamu. Abwana anaona mwayi. Anasiya mabotolo aakulu n'kugula timabotolo tabulauni totalika ngati chala, ndipo anabwera kuchokera ku boma ndi katoni ya timapepala tomata. Pa kalikonse panalembedwa kuti: Amapha tizirombo ta chimfine ndi kolona.

A Gondwe anawerenga kamodzi n'kupukusa mutu. Iwo paunyamata wawo anagwirapo ntchito yotsuka mabotolo m'labu ina yoyezera mankhwala. Abwana anawaonetsa foni.

"Taonani apa, akatswiri anayesa. Mafutawa akangokhudza kachirombo kamafa."

"M'kambale ka m'labu, bwana, ngakhale sopo amapha kachirombo," anayankha a Gondwe. "Koma mapapo a munthu simungawachape. Mafutawa amatsegula mphuno, basi."

"Inu tchezani. Zogulitsa ndisiyireni ine."

Ine ndinali pomwepo ndipo ndinamva zonse. Ndikulemba izi kuti wina asadzandichitire chifundo poganiza kuti sindinkadziwa.

Popeza ndinali wopitako kusukulu, masana aliwonse ankandichotsa pamoto n'kundiika pa zenera logulitsira. Ndinkadzaza timabotolo ndi sirinji, kumata mapepala aja, ndi kuuza ogula kuti azidontheza madontho atatu m'beseni, asamwe, ndipo asapake mwana wakhanda. Anthu ankabwera pa njinga ndi pa kabaza kuchokera kutali, mzere mpaka pa geti. Tinayamba kutcheza kawiri patsiku. Kunyumba kunayamba kupezeka shuga ndi sopo, bambo n'kusiya kudandaula za fungo.

Lachitatu lina kunabwera mayi Mwale, akazi awo a aphunzitsi anga a Sitandade 8. A Mwale ndi amene anapalasa njinga kubwera kwathu kudzakangana ndi bambo kuti ndipite ku sekondale, nthawi imene bambo ankati mtsikana akadziwa kuwerenga kalata ndiye kuti zakwana. Anakhala pakhonde pathu kuyambira m'mawa mpaka bambo atavomera, ndipo tsiku lonyamuka anandipatsa dikishonale yawoyawo, dzina lawo lili pachikuto. Panthawi ya matendayi anali atapuma pantchito, ndipo ankadwala shuga.

Mayi Mwale anadikira mpaka mzere utatha, n'kusendera pazenera.

"Esinati mwanawe, aphunzitsi ako sali bwino. Chifuwa, kutentha thupi, chakudya sakuchimva kukoma. Ana akuimba foni kuti tipite nawo kuchipatala cha ku boma, koma iwe ukudziwa zimene zikumveka. Akuti wolowa m'tenti ya odwala kolona muja sabwerako, ngakhale nkhope yake simuionanso." Anatola kabotolo n'kuwerenga pang'onopang'ono, chala chikutsatira zilembo. "Iwe unapita kusukulu, ndiponso ndiwe ukupanga. Undiuze zoona. Amaphadi?"

Abwana anali kumbuyo kwanga, akulongedza makatoni. Ndinamva kuti manja awo aima. Ndikanatha kuyankha ndi liwu limodzi lokha. Koma ndinayang'ana pansi n'kunena kuti, "Ambiri akuti akuwathandiza, amayi."

"Basi, ngati wanena iwe." Anatenga tiwiri n'kukwera kabaza.

Lachinayi ndi Lachisanu nkhaniyi sinandichoke m'mutu. Nambala ya mayi Mwale ndinali nayo. Ndinalemba uthenga pafoni woti apite nawo kuchipatala, ndinauwerenga, n'kuufufuta. Ndinkadziuza kuti anthu ambiri akuchira ali pakhomo, kuti mwina ndi malungo chabe, kuti ine sindinanene kuti amapha. Ndinkaopanso kuti uthengawo ungafike kwa abwana.

Loweruka m'mawa mayi Mwale anandiimbira kuti mafuta atha, ndiwapititsire ena. Dzulo lake mvula inali itagwa yambiri. Ndinapempha chilolezo kwa a Gondwe, n'kupalasa njinga pafupifupi ola lathunthu m'matope, timabotolo tili m'thumba la juzi.

Fungo la mafuta athu linandichingamira pabwalo. M'nyumba mazenera onse anali otseka. A Mwale anali atakhala pampando ataweramira beseni, bulangeti lili kumutu. Mayi atawavundukula ndinadzidzimuka. Munthu uja ankadzaza kalasi ndi mawu anali kupuma ngati wathamangitsidwa, mapewa akukwera ndi kutsika. Milomo inali itatuwa, zikhadabo nazonso.

Anandizindikira. Kusukulu ankatiitana ndi maina a makolo, ndipo sanasinthe.

"Banda... wabwera? Mafuta akowa... ndi amphamvu. Ndikakoka... ndimamva kuzizira... mpaka muno." Analoza pachifuwa.

Kuzizira kumeneko ndinkakudziwa bwino. Ndi mmene bulugamu amachitira. Amakupatsa kamphepo m'mphuno, iwe n'kumaona ngati mpweya ukulowa wambiri, pamene m'mapapo simunasinthe kanthu. Masiku atatu kamphepo kameneko kanali kakuwauza kuti akuchira.

Ndinawakokera mayi panja.

"Amayi, tipite nawo kuchipatala pompano. Mafutawa sapha kachirombo."

"Wadziwa liti?"

"Kalekale."

"Lachitatu lija unkadziwa?"

"Eya."

Sanakalipe. Anangomangitsa chitenje chawo n'kunena kuti, "Kafune ngolo."

Galimoto sikanatha kufika m'mudzimo ndi matope aja. Mwini ngolo, woyandikana nawo nyumba, anaima patali atatseka pakamwa ndi chipewa. "Ng'ombe ndikumangirani, koma ine sindipita nawo. Ndili ndi ana." Ndinatenga chikwapu ndekha. Tinayala matiresi, tinawanyamula awiri, ine ndi mayi, n'kuwatsamiritsa pa thumba la madeya chifukwa akagona chagada mpweya unkawathera.

Chipatala chaching'ono cha m'dera lathu sichili kutali nthawi yachilimwe. Tsikulo dzuwa linafika paliwombo tikadali m'njira. Mbali zonse kunali fodya wobiriwira wofika m'chiuno, anthu ali m'minda akuthyola masamba apansi. Ankaweramuka, kutiyang'ana, n'kubwerera m'mbuyo. Pa dambo gudumu linatitimira. Ndinatsika, matope m'mawondo, kukankha, kukalipira ng'ombe, kulira, zonse pamodzi. Amuna awiri anabwera kudzakankha nawo atamanga malaya kumphuno, ndipo ngolo itangotuluka anathamangira pachithaphwi kukasamba m'manja. Mayi ankawakupiza aphunzitsi ndi chivindikiro cha ndowa. Nthawi ina ndinamva a Mwale akunong'ona kuti awapatse kabotolo anunkhize. Mayi anayang'ana ine. Ndinapisa m'thumba la juzi n'kuwapatsa. Panalibenso china choti ndiwapatse.

Kuchipatalako tinapeza namwino mmodzi yekha. Anawapanitsa kachipangizo pachala, anayang'ana manambala, nkhope yake n'kusintha. Anati pamalopo palibe mpweya wa okosijeni, akufunika ku boma, ndipo anaimbira ambulansi. Ambulansiyo inali itapita kukatenga mayi wina woyembekezera kumbali ina ya boma. Namwino anawagoneka chafufumimba pakhonde, kutali ndi odwala ena, anawabaya jakisoni, n'kumabwerabwera kudzawaona. Tinadikira. Maso anga anali kumsewu, khutu lili kwa a Mwale. Kupuma kuja kunayamba kutalikirana, ngati madontho a paipi moto ukamazirala.

Anatisiya cha m'ma 3 koloko masana. Ambulansi inafika dzuwa litapendeka, n'kubwerera yopanda munthu.

Namwino anandifunsa kuti anayamba liti kubanika. Nditamuuza anausa moyo. "Mukanabwera nawo pakati pa sabata, mwina." Liwu loti mwina limenelo ndimayenda nalo mpaka lero. Mwina akanamwalirabe ndithu, ndi shuga uja. Mwina ayi. Palibe amene adzandiuze.

Anawaika m'manda mawa lake, ndipo owaika anali anthu ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kunalibe kugona pasiwa, kunalibe kwaya, kwa munthu amene anaphunzitsa pafupifupi aliyense wodziwa kulemba dzina lake m'midzi imeneyo. Ife tinaima patali, kuseri kwa chingwe.

Azaumoyo anandiuza kuti ndibindikire milungu iwiri. Bambo anandikonzera malo m'kanyumba kosungiramo fodya, chakudya ankandisiyira pakhomo. Sindinadwale, ngakhale chimfine chomwe. Azakhali okha ndi amene anabwera kudzakhala panja pa chitseko, ndipo ndinawafotokozera zonse. Ndinkayembekeza kuti anditonthoza. Koma iwo anati, "Ine abambo ako amandinena kuti ndimapha anthu. Koma wogula kwa ine amadziwa chimene akugula."

Nditabwerera kuntchito ndinawauza abwana zimene zinachitika, n'kuwapempha kuti tisinthe mawu a pa pepala. Anandimvera mpaka kumapeto.

"Pepa ndithu," anatero. "Koma tandionetsa pamene palembedwa kuti munthu asapite kuchipatala." Kenaka anandikumbutsa kuti pa geti pamabwera atsikana ambiri ofuna malo anga.

A Gondwe anadikira kuti abwana achoke. Tili awiri pamoto anangoti, "Mwana wane, usasenze wekha. Tonse tadya nawo mapepala amenewo."

Ndikanakonda kulemba kuti ndinavula epuloni n'kuchoka tsiku lomwelo. Sindinachoke. Kunyumba kunali azing'ono anga atatu, ndipo fodya wathu wa chaka chimenecho anali wachikasu chifukwa chosowa feteleza. Ndinamata mapepala aja miyezi ina inayi. Abwana akachokapo ndinkauza ogula kuti mafutawa amangotsegula mphuno, wobanika athamangire kuchipatala. Ena ankandiyang'ana ngati wamisala. Bambo wina anati, "Ndiye mukugulitsiranji?" n'kugula tinayi. Mayi wina anati ndikuwamana mankhwala kuti ndisungire abale anga. Anthu anali ndi mantha, ndipo kabotolo n'kokhako kamene akanatha kupita nako kunyumba. Sindikudziwa ngati alipo ngakhale mmodzi amene anandimvera.

Matenda atachepa, mzere unatha wokha. A mahotela aja sanabwere. Abwana anagulitsa mitengo yonse kwa owamba fodya n'kubwerera ku Joni, ndipo a Gondwe anapita kwawo. Sindinamvenso za iwo.

Lero ndimagwira ntchito m'sitolo ya mbewu ndi mankhwala a kumunda pa Kasungu boma. Tsiku lililonse alimi amanyamula botolo n'kundifunsa ngati amaphadi mbozi, ngati amaphadi anankafumbwe. Chimene ndinachoka nacho ku esiteti kuja n'chimodzi. Munthu akakufunsa chifukwa chakuti amakukhulupirira, umuyankhe kuti eya, kapena ayi, kapena sindikudziwa. Kubisala kumbuyo kwa zonena za anthu ena ndi bodza lomwelo, kungoti wolinena amaona ngati m'manja mwake ndi moyera. Ndathawitsa nazo makasitomala, ndipo eni sitolo andidzudzulapo kawiri. Sizidzutsa womwalira, ndipo mtima wanga sunapepuke nazo.

Mayi Mwale anabwerera kwawo ku Njombwa. Mvula ikamayandikira amabwera m'sitolo mwathu kudzagula mbewu ya chimanga. Amandipatsa moni bwinobwino, n'kunditumanso moni kwa bambo ndi amayi. Akatero amadutsa pamene ndaima, n'kupita kukafunsa mnzanga wa pa kauntala inayo kuti mbewu yabwino chaka chino ndi iti.